Dzukani, Palibe Wakuonani

"Dzukani msanga, palibe wakuonani!"

Mawuwo anadumpha mpanda wa udzu n'kugwera pakhonde pomwe mai Adelaide ankasankha nyemba. Pambuyo pake panamveka kaphwete, kuseka kwa munthu amene akuyesa kudzigwira koma zikumukanika. Lichero linapendekeka, nyemba zinayoyokera pansi, nkhuku n'kuthamangirapo.

Anali mawu a Olinda, mwana wawo, amene anamuika m'manda sabata yathayo.

A Tobiasi, bambo a malemuyo, anali pansi pa mtengo wa mango akumata chubu cha njinga. Anaona akazi awo ataimirira, nsalu ikumasuka m'chiuno, maso ali kumpanda. Kuseri kwa mpandawo ana a m'nyumba yoyandikana anali ataunjikana pa foni imodzi, akukanganirana kuti tsopano ndi nthawi ya ndani.

"Ndi ana, amake Olinda," anatero a Tobiasi. "Akusewera jogu ija, masewero a pafoni aja."

"Ndikudziwa kuti ndi ana. Mukuona ngati ndapenga?"

Mai Adelaide anakhala pansi n'kuyamba kutola nyemba imodziimodzi, koma zambiri zinkawapulumuka n'kubwerera m'dothi.

Olinda ankagwira ntchito pamalo a fotokopya ku Insaca. Loweruka lililonse akaweruka sankabwera kunyumba msanga. Ankapita kuseri kwa balaka, kashopu ka Bashiru, mnyamata wokonza mafoni, komwe achinyamata angapo ankakumana n'kumapanga masewero a pafoni. Ena ankachokera ku Entre Lagos pa minibasi zija amati shapa, ena ankangoyenda wapansi. Aliyense ankabwera ndi kake kamene wapanga mkati mwa sabata, anzake n'kukayesa, n'kumuuza pamene pakukoma ndi pamene pakutopetsa. Ambiri mwa masewerowo ankafera pomwepo kuseri kwa balaka. Koma amodzi anapulumuka: a munthu wonyamula dengu la nsomba panjinga kuchokera kunyanja ya Amaramba, amene ayenera kuzemba mchenga, mbuzi ndi maenje kuti akafike kumsika nsomba zisanavunde.

Masewerowo ankafuna mawu oti azimveka wanjingayo akagwa. Olinda anangotenga foni n'kujambula ake, akuseka, ati ongogwirizira mpaka apeze munthu wa mawu abwino. Koma zongogwirizira ndi zimene zimakhalitsa. Masewero anadumpha kuchoka pa foni iyi kupita pa iyo, osafuna ngakhale intaneti, mpaka anafika m'matumba mwa ana a m'boma lonse. Kenaka malungo anabwera, anamugoneka Olinda masiku ochepa chabe, n'kumutenga.

Dzuwa litapendeka kunafika a Vitorino, mlongo wawo wa mai Adelaide, amene ndiwo mwinimbumba. Anakhala pampando, chipewa anaika pabondo, ndipo sanazungulire.

"Alamu, ife zathu tinachita. Tameta, nyumba tasesa, zovala tagawa. Munthu akapita amafunika agone. Nanga uyu agona bwanji pomwe akungoitana m'matumba mwa ana a eni? Kumsika ali komweko, kuchigayo ali komweko. Dzulo ndamumva kuseri kwa tchalitchi, misa ili mkati."

"Ana sadziwa kuti ndi iye," anayankha a Tobiasi motsitsa.

"Ife tikudziwa."

Mai Adelaide analankhula maso ali pansi. "Ndikangoti lero mtima wakhalako pansi, ndimangomva akuseka kumbuyo kwanga. Ndimatembenuka, a Tobiasi. Ndikudziwa kuti kulibe, koma nthawi iliyonse ndimatembenuka. Kumjigo ndasiya kupita. Kodi ndidzamuika kangati mwana mmodzi?"

A Vitorino anasisita chipewa chawo.

"Sabudu likubwerali, Loweruka lomwe amakumana, mupite kwa anzake aja. Inu ndinu bambo, akumverani. Achotse mawuwo."

"Ndipita," anatero a Tobiasi.

Anavomera chifukwa akazi awo ankanena zoona, ndipo munthu amene wakhala naye kuyambira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi sungamuone akuuma ngati phesi iwe n'kumangoyang'ana. Koma mumtima mwawo munali nkhani ina imene sakanatha kuinena pamaso pa alamu awo. Chimene chinkawabaya mai Adelaide, iwo ankachisakasaka.

A Tobiasi ankakonza njinga pafupi ndi msika. Kale iwonso ankanyamula nsomba, mpaka mawondo anawakana. Chiikireni maliro, makasitomala anayamba kudabwa kuti mmisiri wawo sakhazikikanso pamalo. Akangoona kagulu ka ana kataweramira foni, ankanyamuka ndi sipanala m'manja ngati pali chimene akukafuna, n'kuima chapatali, nkhope ayang'anitsa kwina, makutu ali komweko. Vuto linali lakuti ana a masiku ano zala zawo n'zochenjera. Ankatha kupalasa ulendo wonse osagwa, mkulu wa anthu ataima padzuwa akupempherera kuti mwana wa eni awombe mbuzi. Akagwa, mawuwo ankabwera osakanikirana ndi phokoso la msika, kamodzi kokha, basi.

Mawu ena a Olinda kunalibe. Foni ya a Tobiasi inali ya mabatani, yosasunga kanthu. Ya malemuyo inapita kwa msuweni wake wa ku Cuamba tsiku logawa katundu, ndipo iye anafufuta zonse kuti aikemo zake. Zithunzi zinalipo, inde, koma chithunzi sichikuitana. A Tobiasi ankamusowa mwana wawo koopsa, ndipo tsopano iwo omwe ndi amene anatumidwa kukatseka pakamwa pake.

Loweruka anavala malaya awo a kutchalitchi. Mai Adelaide anawakonzera kolala pakhomo, chinthu chimene anasiya kuchita kalekale.

"Mukalankhule bwino. Ana aja analira nafe."

"Ndikudziwa."

"Musakabwere ndi nkhani ina."

Kuseri kwa balaka ya Bashiru kunali kashedi ka malata, mabenchi awiri ndi tebulo lomwe mwendo wake umodzi unali pa njerwa. Chingwe cha magetsi chinkachokera m'balakamo, kumapeto kwake kutalumikizidwa machaja ambirimbiri ngati mizu ya chinangwa. Kompyuta imodzi yakale inkalira chifukwa cha kutentha, ndipo wina anali ataiika pa timiyala kuti mpweya uzipita pansi. Achinyamatawo anali ochepa kuposa mmene a Tobiasi ankaganizira. Kwa zaka zonsezi akamva Olinda akunena za msonkhano, ankaona ngati ndi holo yodzaza anthu.

Atawaona, onse anaimirira. Wina anabisa chinangwa chootcha kumbuyo ngati wagwidwa akuba.

"Pai Tobiasi, bambo athu," anatero Bashiru, akupukuta benchi ndi dzanja. "Khalani apa. Tikanadziwa kuti mubwera..."

"Khalani pansi, ana anga. Sindichedwa."

Anawathokoza chifukwa cha mmene anathandizira pamaliro, kutunga madzi ndi kunyamula mabenchi a kutchalitchi. Kenaka ananena zimene anatumidwa, mawu ake monga mmene anawayalira m'njira: kuti amake Olinda sakugona, kuti banja lagwirizana, kuti mawu aja achotsedwe.

Bashiru anakanda m'mutu. "Kuchotsa n'kotheka, pai, si ntchito yaikulu. Koma zimene zili kale m'mafoni a anthu sitingazifikire. Madzi akatayika saoleka. Chimene tingachite n'kutulutsa jogu ina yatsopano, yokhala ndi misewu yambiri, yopanda mawuwo. Ana amathamangira chatsopano. Pakatha miyezi ingapo yakaleyo idzazilala yokha."

"Chitani zimenezo."

A Tobiasi anagwira mawondo kuti adzuke. Zinatheka mosavuta kwambiri, ndipo kuphwekako kunawawawa.

"Pai, pepani."

Anali Hamida, mtsikana wa ku Amaramba amene ankajambula zithunzi za m'masewerowo. Iye ndi Olinda ankagwirizana ngati pachibale. Anakonza mpango wake kumutu, koma maso sanagwetse.

"Pano tili ndi lamulo. Munthu sapempha kuti chinthu chisinthidwe mu jogu asanaisewere yekha ndi manja ake. Ndipo akamasewera, ife amene tinaipanga timatseka pakamwa. Sitimufotokozera, sitimuthandiza, ngakhale asochere bwanji. Timangoona. Tikalankhula ife, sitingadziwe ngati jogu ikulankhula yokha."

"Iwe Hamida," anatero Bashiru monong'ona, "awa ndi akuluakulu, ali pachisoni. Lamulo limenelo ndi lathu."

"Analiika ndani?" anafunsa a Tobiasi.

Achinyamatawo anayang'anana.

"Olinda," anatero Hamida. "Bashiru ankakonda kulanda foni m'manja mwa anthu n'kumawaonetsa."

Wina anaseka pang'ono, n'kudzigwira. A Tobiasi anakhalanso bwino pabenchi, n'kutambasula manja onse awiri monga amachitira polandira chinthu kwa wamkulu.

"Lamulo ndi lamulo. Bweretsani."

Foniyo inali yopepuka komanso yoterera, ndipo zala zawo zong'aluka ndi guluu zinkaoneka zazikulu pagalasipo. Panaoneka kamunthu kovala chipewa, kali panjinga yakuda, dengu kumbuyo, michira ya milamba itatulukira. Kumbali kunali bango ndi mabwato. A Tobiasi anadina paliponse. Njinga inanyamuka mothamanga, inalowa mumchenga woyamba, n'kugwa chagada, nsomba mbwee.

"Dzukani msanga, palibe wakuonani!"

Ndiye kaphwete kaja.

Sanawamvepo pafupi chonchi. Kunalibe phokoso la msika, kunalibe ana okangana. Anamva ngakhale kampweya kamene Olinda anakoka asanaseke.

Kamunthu kaja kanadzuka, kanasasa fumbi, kanakweranso.

Sanachedwe kuizolowera. Chala chakumanja chinali chopalasira, chakumanzere chokhotera, ndipo mchenga unali mchenga basi: suulimbana nawo, umaupita m'mbali momwe muli udzu. Amene anakonza msewuwo ankaudziwa. Anadutsa dzenje, anazemba mayi wosenza nkhuni, anawoloka mlatho wa mitengo. Mnyamata wina kumbuyo kwawo anagwedeza mutu mogoma. Koma a Tobiasi anaona kuti akamapalasa bwino chonchi, mwana wawo akhala chete mpaka kumsika.

Kutsogolo kunatulukira mbuzi. Mpata wozemba unalipo waukulu. Iwo analunjika pambuzipo.

"Dzukani msanga, palibe wakuonani!"

Anadzuka, napita molunjika m'dzenje. Anadzuka, nakagwera mumchenga. Poyamba achinyamatawo ankaona ngati mkuluyu zala zamusokonekera, ndipo Bashiru anayamba kutukula dzanja, Hamida n'kumuponda phazi. Kenaka onse anazindikira. M'kashedimo munkangomveka kompyuta ija, wailesi ya m'balaka ina, ndi Olinda akudzutsa bambo ake mobwerezabwereza. Mtsikana wina anatuluka n'kukaima kuseri kwa malata. Bashiru anakhalira manja ake, misozi ikutsikira m'ndevu zake zochepazo, koma pakamwa sanatsegule.

A Tobiasi sankawaonanso. Anali ataiwala kolala yawo, alamu awo ndi uthenga womwe. Lero linali tsiku lomaliza, ndipo ankafuna amwe mawuwo mpaka akhute, ngakhale ankadziwa kuti sangakhute.

Anafika pamchenga wautali wa pafupi ndi mapeto. Anakhotetsa chiwongolero mwamphamvu kuti agwe. Njinga inapendekeka, dengu linalendewera mbali imodzi, koma siinagwe. Inaweyeseka n'kuwongoka.

Anakhotetsanso. Inakana.

"Yaonongeka iyi," anatero a Tobiasi mokwiya. "Bashiru, foni yako yaonongeka."

Palibe anayankha.

Anaisendeza pafupi ndi maso. Kumbuyo kwa njingayo kunali kamtsikana kamene sikanalipo poyamba. Kanali kopanda nsapato, kovala diresi lachikasu lalikulu lofika m'mapazi, ndipo kanagwira kaliyala ndi manja onse awiri, mutu kataweramitsa, kakukankha. Njinga ikapendekera kumanzere, iko kankakokera kumanja.

Diresi limenelo a Tobiasi ankalidziwa. Analigula okha ku Entre Lagos kwa amalonda a ku Malawi, dala lalikulu kuti Olinda akuliremo. Masiku amenewo akamachokera kunyanja, miyendo itatheratu, ankapeza kamtsikana katakhala pachulu poyambira mchenga wa kumudzi, kakudikira kuti kawakankhire njinga.

Anaika foni patebulo mosamala. Masewero anaima.

"Ndaima kaye," anatero. "Tsopano mukhoza kulankhula. Uyu wachokera kuti?"

Hamida anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Amabwera munthu akagwa motsatizana kwa nthawi yaitali. Ana samuona, chifukwa sagwa kwambiri choncho. Olinda anandiuza mmene ndimujambulire, ndi diresilo. Ndinachepetsa, anandibweza, ati likhale lalikulu."

"Ine ndinakana, pai," anatero Bashiru. "Ndinati jogu yothandiza munthu si jogu, wolephera azilephera. Tinakangana Sabudu lonse lathunthu. Iye anati, amene wagwa kambirimbiri koma sanataye foni, ameneyo ali ndi kumene akupita, tisamusiye yekha mumchenga. Sanagonje. Mukumudziwa."

"Ndikumudziwa."

A Tobiasi anayang'ana kamtsikanako, kataima kali mkati moyenda, phazi limodzi m'mwamba.

"Sananene kanthu kunyumba," anatero.

"Sankafuna kuti tizilengeza. Ankati amene akumufuna adzamupeza."

"Kodi amalankhula ameneyu?"

"Ayi, pai. Alibe mawu."

"Ndiye kuti amake sangamumve kuseri kwa mpanda."

"Sangamumve."

A Tobiasi anasisita mawondo awo. Panja shapa ya ku Entre Lagos inkaitanira anthu. Zinali zowawa, koma anazinena bwinobwino kuti pasadzakhale wofunsanso.

"Mawu aja chotsani. Amake apume, nayenso agone. Koma kamtsikana aka musakakhudze. Mu jogu yatsopanoyo kakhalemo, ndi diresi lake lomweli."

"Kakhalamo," anatero Bashiru.

"Ndipo lamulo lakelo musalisiye."

Hamida anakankhira foni ija kwa iwo. "Simunamalize, pai. Msika uli pafupi."

A Tobiasi anaitola. Achinyamatawo anabwerera m'malo mwawo n'kutsekanso pakamwa. Njinga inanyamuka, kamtsikana kali pambuyo. Tsopano sanakhotetsenso dala. Ankangodina pang'onopang'ono, mopalasa mwaulesi ngati munthu amene alibe nsomba zoti zingavunde, kuti mchengawo utalike. Koma ngakhale upalase mozengereza bwanji, msewu umatha. Mchenga unasanduka dothi lolimba. Kutsogolo kunayamba kuoneka madenga a msika ndi timitu ta anthu odikira nsomba.

Patatsala pang'ono kuti anthuwo ayambe kuona bwino amene akubwera, pamtengo womaliza wa m'mbali mwa msewu, kamtsikana kaja kanasiya kaliyala. Kanaima kuseri kwa mtengowo, kanapukuta manja pa diresi, n'kutsala pomwepo. A Tobiasi anachotsa chala, koma njinga inali ndi liwiro lake, inangopitirira. Diresi lachikasu linacheperachepera mpaka linatuluka m'mphepete mwa galasi.

Wanjingayo analowa mumsika yekha, ali chilili, dengu lake lili lodzaza, ndipo anthu onse anamuombera m'manja.